Pang'onopang'ono Mpaka Tchire Lichite Maluwa

Mawu otsogolera: Miyambo 24:30-34 ndi Eksodo 23:29-30

Inu amene mwakhala pakhonde wailesi ili pambali, inu amayi amene muli kukhitchini mphika uli pamoto, inu bambo amene mukumvera pa foni muli pa ulonda, ndi inu amene mwagona m'chipatala usiku uno, mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Amen.

Lero ndabwera ndi nkhani ya khasu. Ndikudziwa wina wayamba kale kudabwa kuti, kodi abusa asanduka alangizi a zaulimi? Ayi, khalani pomwepo, musasinthe siteshoni. Ndikufuna ndikuuzeni mmene tchire limene linkandichititsa manyazi linasandukira munda waukulu wa maluwa popanda ndalama zambiri. Ndikuuzani zimene ndinalakwitsa, ndikuuzaninso zimene zinatheka, kuti amene muli ndi malo otero mukayambepo sabata yomwe ino. Amene muli ndi cholembera pafupi, chitengeni.

Kuseri kwa nyumba imene timakhala, kuno ku Lilongwe, kuli malo aakulu ndithu, mamita 30 mulitali ndi mamita 20 mulifupi. Pamene tinkapeza malowo, ine ndi amayi a kunyumba tinkati tidzamangapo nyumba za lendi. Mapulani analipo, chikhulupiriro chinalipo, koma ndalama sinabwere. Chaka choyamba chinadutsa, chachiwiri, chachitatu, mpaka chachinayi. Ine ndinkati ndikudikira nthawi yabwino. Koma abale anga, tchire silidikira munthu. Panamera chisoso chofika m'chiuno. Kapinga anayala pansi ponse. Pamalo pamene pankaima madzi panadzaza dawe. Kumpanda kunali lantana, chitsamba chija cha timinga ndi timaluwa tosakaniza mitundu, ndipo pamwamba pake panayanga chitedze. Anthu odutsa ataona kuti mwini wake alibe nawo ntchito malowo, anawapezera ntchito. Majumbo, mabotolo osweka, matewera a ana, zonse ankaponya kwa abusa.

Tsiku lina m'mawa kunabwera agogo a nyumba yoyandikana nafe. Anakhala pansi pakhonde, tinapatsana moni, kenako anati, "Abusa, pepani, ndilankhule ngati kholo lanu. Anapiye anga atha. Dzulo mdzukulu wanga anatsala pang'ono kuponda njoka pampanda apa. Njokazo zikugona kwanu. Inu pa wailesi mumatiuza za kukonza mitima, nanga kuseri kwanuku adzakonze ndani?"

Ndinasowa choyankha. Usiku umenewo ndinatsegula Miyambo 24, kuyambira vesi 30. Wolembayo akufotokoza kuti anadutsa pamunda wa munthu waulesi, ndipo anapeza minga ndi zitsamba zitakuta paliponse, mpanda utagwa. Akuti anaima, anayang'ana, n'kuphunzirapo kanthu. Ine ndinkalalikira ndime imeneyi ndikuloza anthu ena chala. Usiku umenewo ndinazindikira kuti munda umene anthu odutsa akuphunzirapo ndi wanga. Mwamva? Anthu ankawerenga ulaliki wanga kuseri kwa nyumba, osati pa wailesi.

Ndiye chifukwa cha manyazi ndinachita zinthu mwaphuma. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinatenga ndalama imene amayi ankasungira malata a khitchini, ndinalemba aganyu anayi, anatchetcha malo onse masiku awiri, tinayatsa moto. Kenako ndinapita kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, ndinagula maluwa a m'machubu odzaza galimoto ya hayala, n'kuwamwaza malo onse. Aaa, sabata yoyamba kunali kokongola! Koma madzi othirira malo aakulu chonchi m'chilimwe ndikanawatenga kuti? Theka la maluwawo linauma mvula isanagwe. Mvula itagwa mu Disembala, kapinga anadzuka ngati wamwa mankhwala, chisoso chinamera chothinana kuposa kale. Pofika mu Febuluwale maluwa otsalawo ndinkachita kuwafufuza m'tchire. Ndalama yapita, malata palibe, ndipo m'nyumba munali chete wa mtundu wina uja. Amuna okwatira mukumudziwa chete ameneyu.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndinafuna munda wonse tsiku limodzi, ndinataya zonse.

Nthawi imeneyo ndi pamene ndinakumana ndi Eksodo 23, vesi 29 ndi 30. Mulungu akuuza ana a Israeli kuti dziko limene akupitako sadzawapatsa lonse m'chaka chimodzi. Chifukwa chake akuchinena: akatero dzikolo lisanduka bwinja ndipo zilombo ziwachulukira. Adzawapatsa pang'onopang'ono, molingana ndi mmene iwo akuchulukira ndi kutha kulisamala. Nditawerenga ndinaseka ndekha. Ndinati, Ambuye, zimenezi ndi za kuseri kwanga. Lamulo loyamba la munda waukulu kwa munthu wa ndalama zochepa ndi limeneli, ndipo mulilembe: osatsegula malo amene sungathe kuwasamala. Ndibwerezenso. Osatsegula malo amene sungathe kuwasamala. Amen.

Tsopano tamverani mmene tinayambiranso.

Choyamba, tinasankha nthawi. Tinayamba mu Epulo, mvula ikupita kumapeto. Nthawi imeneyo nthaka ikadali yofewa, khasu limalowa bwino, ndipo kutsogolo kuli miyezi yopanda mvula, imene mizu yozulidwa imaumiratu padzuwa. Mukagalauza mu Okutobala nthaka yathu ya katondo imakhala ngati njerwa, mumangothyola mipini. Mukagalauza mu Januwale, udzu umene mwazula m'mawa umagwiranso madzulo.

Tisanakhudze khasu tinayendera malo onse, titavala majombo, ndodo ili m'manja, kumenya udzu patsogolo kuti chokwawa chilichonse chithawe. Tinatola magalasi ndi majumbo. Tinaona kumene madzi amathamangira, kumene kumakhala mthunzi, ndi kumene dzuwa limawomba tsiku lonse. Chitedze tinachidula m'mawa mame asanaume, titavala zamikono yaitali, chifukwa ubweya wake ukauma umauluka, ndipo amene anayabwidwapo sasowa kumufotokozera. Kenako tinatchetcha malo onse ndi chikwakwa, koma ulendo uno sitinayatse moto. Moto umadya chakudya cha nthaka. Udzu umene ndinawotcha ulendo woyamba unali manyowa aulere. Ulendo uno tinaunjika pakona.

Chachiwiri, tinaphunzira kuti kudula si kuzula. Kapinga mphamvu yake ili pansi. Kachidutswa ka muzu wake kotalika ngati chala kakatsala m'nthaka, kamamera n'kuyalanso. Dawe ali ndi timbatata ting'onoting'ono pansi, mukangosolola masamba timbatatato timatsala n'kuphukanso. Lantana mukamudula pamwamba, chitsa chimatulutsa nthambi zambiri kuposa kale, ndiye amafunika kumukumba ndi chitsa chomwe. Ndipo tamvani za lantana ameneyu. Kwawo ndi ku America, anthu anamufalitsa m'maiko chifukwa cha kukongola kwa maluwa ake, lero walanda matchire ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Si duwa lililonse lokongola limene muyenera kulilowetsa pakhomo panu. Wina anene amen pamenepo.

Ndiye tinayeza bedi limodzi lokha, pafupi ndi khomo la kukhitchini, pamene amayi amataya madzi. Mamita 5 mulitali, mita imodzi ndi masentimita 20 mulifupi. Bwanji kufupika chonchi? Kuti dzanja lizifika pakati kuchokera mbali zonse ziwiri popanda kuponda pabedi, poti nthaka yopondedwa imalimba. Tinakumba mozama kupitirira msinkhu wa khasu, tikutola muzu uliwonse ndi manja. Mizu ya kapinga ndi dawe sitinaiponye pamulu wa manyowa ayi. Tinaiyanika pa lata lakale mpaka inauma gwa, ndiyo yokhayo imene tinawotcha. Bedi limodzi limenelo linatitengera masiku atatu ndi matuza m'manja. Ndipo tinapangana ndi amayi kuti bedi lachiwiri sititsegula mpaka loyambalo litabzalidwa, litapaliridwa ndi kuphimbiridwa.

Mwina mukufunsa kuti, nanga malo otsalawo? Sitinawasiye kuti abwerere ku tchire. Mbali ina tinkangotchetcha mwezi ndi mwezi, udzu usanachite njere, kuti njoka zisowe pobisala. Mbali ina tinayala makatoni akale amene tinapempha m'magolosale, tikuwasanjikiza m'mphepete kuti kuwala kusalowe, pamwamba n'kuika udzu wouma wochindikala. Udzu wosaona dzuwa umafooka. Patapita miyezi ingapo chiswe chinali chitadya makatoniwo, pansi pali pofewa, ndipo kukumba kunali kosavuta. Kapinga wina anapulumuka, sindikunamizeni, koma anali wochepa ndi wosavuta kuzula. Mbali yakutali, mvula itabwera, tinapanga mizere n'kubzala mbatata. Kholowa amakuta nthaka, udzu umasowa mpata, ife tikudya ndiwo, kenako tikukumba mbatata. Pokumba mbatatayo ndiye kuti tagalauzanso malo a mabedi a chaka chamawa. Mwaona? Ntchito imodzi, mapindu atatu.

Chachitatu, chakudya cha nthaka sitinagule. Udzu uja tinaunjika pakona tinaupanga manyowa. Pansi timitengo touma kuti mpweya uzilowa, kenako udzu wouma, kenako masamba aawisi, kenako ndowe kapena zitosi, kuwaza phulusa pang'ono ndi dothi pang'ono, kuthira madzi, n'kubwerezanso mpaka mulu ufike m'chiuno. Masamba aawisi abwino kwambiri ndi a deliya, chitsamba chija cha maluwa achikasu chimene chimadzaza m'mbali mwa misewu. Amawola msanga. Koma dulani masamba okha, musatenge njere zake, chifukwa nayenso akalowa pakhomo satuluka. Pakati pa mulu zikani ndodo. Pakapita masiku angapo isololeni. Ikakhala yofunda ndi yonyowa, manyowa akupsa. Ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi masamba aawisi. Muzitembenuza mulu pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mupeza dothi lakuda lonunkhira ngati m'nkhalango.

Chenjezo limodzi apa. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbewu. Ine ndinapha mzere wonse wa mbande chifukwa chofuna kuzikomera mtima. Zisiyeni ziwole kaye. Kapena ikani ndowe m'thumba, mangani, viikani mu mgolo wa madzi kwa masabata awiri, kenako madziwo muwasungunule ndi madzi ena mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, n'kumathirira pansi pa mbewu. Mgolowo muzivundikira, kuopa udzudzu.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pali chinsinsi cha ndalama, maluwa ambiri sitinagule. Tinapempha. Mukudziwa amene anatipatsa oyamba? Agogo aja. Ataona kuti takumba bedi, anabwera ndi beseni la mizu ya canna, maluwa aja a masamba aakulu ngati a nthochi, ofiira ndi achikasu. Anati, "Abusa, awa kwathu athinana, ndimafuna kutaya." Canna amachulukana pansi. Mukakumba tsinde limodzi mumaligawa zidutswa zingapo, chilichonse chokhala ndi diso lake, ndipo chilichonse chimakhala tsinde latsopano. Chimene chinali chotaya kwa agogo chinali chiyambi cha munda wanga.

Maluwa ambiri amene mumawasirira m'mipanda ya anthu amamera ndi nthambi. Hibiscus, lija la duwa lalikulu lotseguka ngati belu, limagwira ndi nthambi. Geranium, poinsettia, frangipani, bougainvillea, ngakhale rozi, onsewa amagwira ndi nthambi. Ndipo eni ake amawadulira chaka ndi chaka n'kutaya nthambizo kudzala. Ine ndinasiya manyazi. Ndikamayendera akhristu m'makomo ndinkanyamula mpeni wakuthwa ndi nyuzipepala yonyowa. Tikatha kupemphera ndinkati, "Mayi, kodi mungandigawireko kanthambi ka duwa ili?" Palibe anandikaniza. Koma ndinene poyera, kupempha, osati kuthyola pampanda pa eni usiku. Munda wa zakuba sudzakupatsani mtendere.

Kadulidwe kake ndi aka. Sankhani nthambi yokhwima pang'ono, yonenepa ngati pensulo. Dulani masentimita 15 kapena 20, kudula kwa pansi kukhale pansi penipeni pa mfundo, chifukwa mizu imatulukira pamenepo. Chotsani masamba apansi, musiye awiri kapena atatu pamwamba. Zikani theka la kanthambiko m'dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje. Machubu ogula sitinawafune. Tinagwiritsa ntchito mapaketi a shuga ndi a mkaka, ndi mabotolo apulasitiki odula pakati, titawaboola pansi kuti madzi azituluka. Nazale yathu inali pansi pa mtengo wa mango, pa mthunzi. Dothi likhale lonyowa, osati lamatope. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, mukaona timasamba tatsopano tikukula, ndiye kuti mizu yagwira. Frangipani yekha ndi wosiyana. Mukadula nthambi yake, isiyeni pamthunzi sabata imodzi kapena awiri kuti bala liume, apo ayi imawola. Bougainvillea ndi wovuta kugwira. Ine ndinazika nthambi 20, zinagwira 6. Ndinadandaula? Ayi, poti sindinalipire kanthu. Zikani zambiri, zina zifa, zina zikhala. Ndipo pomuwokera bougainvillea musagwedeze dothi la kumizu, sakonda kusokonezedwa.

Zimene tinagula ndi timapaketi titatu ta njere: marigold, zinnia ndi cosmos. Amenewa ndi maluwa a munthu wosauka. Amamera msanga, pakatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono ayamba kale kuchita maluwa, ndipo amadzaza mipata pamene zitsamba zija zikadali zazing'ono. Mpendadzuwa tinangotapa dzanja limodzi kwa mlimi. Ndipo njere zimenezi mumagula kamodzi kokha. Siyani maluwa abwino kwambiri aumire pamtengo, thyolani, fikisani m'manja, sungani njerezo mu envulopu ya pepala pamalo ouma. Osati m'jumbo, m'jumbo zimachita nkhungu. Chaka chachiwiri tinali ndi njere zokwana munda wonse ndi zogawira ena. Paketi imodzi inabala mabeseni. Aleluya!

Chachisanu ndi madzi, chifukwa ndi pamene ndinagwera ulendo woyamba. Zitsamba zonse zimene tinameretsa pa nazale m'miyezi yopanda mvula tinaziwokera mvula itakhazikika, mu Disembala ndi Januwale, kuti kumwamba kutithiririre kwaulere. Pofika chilimwe mizu inali itapita pansi. Munthu wa ndalama zochepa amabzala ndi mvula, salimbana ndi dzuwa la Okutobala. Maluwa okonda madzi, monga canna ndi rozi, tinawaika pafupi ndi nyumba, kumene amalandira madzi otsukuluzira zovala ndi osambira. Madzi okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala kapena mchere wambiri musathirire. Maluwa opirira, monga bougainvillea, frangipani ndi mitundu ya aloe, tinawaika kutali, kumene keni sifika kawirikawiri. Bedi lililonse tinaliphimbira ndi udzu wouma wochindikala ngati chikhatho, koma osagunditsa patsinde, kuopa chiswe ndi kuwola. Nthaka yophimbira imasunga chinyontho masiku ambiri, ndipo udzu umavutika kumera. Kuthirira ndi m'mawa kapena madzulo, mokwanira kuti madzi alowe pansi, osati kungowaza pamwamba tsiku ndi tsiku.

Kumene madzi a mvula ankathamanga n'kukokolola dothi tinabzala mzere wa udzu wa vetiva mopingasa. Vetiva mizu yake imapita pansi, sayala ngati kapinga, ndipo mukamudula mumapeza udzu wophimbira. Tinjira ta pakati pa mabedi tinayala zidutswa za njerwa zimene owotcha njerwa amazisiya pa uvuni. Mpanda tinayamba ndi wa udzu ndi nsungwi, chifukwa mbuzi imodzi ikhoza kumaliza ntchito ya miyezi itatu pa ola limodzi. M'kati mwake tinabzala hibiscus mothinana kuti adzakhale mpanda wamoyo. Ena amakonda nkhadze, koma pakhomo pali ana samalani, utomoni wake ukalowa m'maso ndi ngozi. Anunkhadala tinkawatola ndi manja m'mawa akadali ozizidwa. Nsabwe za m'masamba tinkazipopera madzi a sopo pang'ono.

Chinanso chimene ndinaphunzira ndi chakuti duwa lililonse lili ndi nyengo yake. M'dzinja munda umadzaza marigold, zinnia, cosmos ndi mpendadzuwa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi poinsettia amafiira ndipo aloe amatulutsa maluwa ake. M'chilimwe, pamene zonse zauma ndipo fumbi lili paliponse, bougainvillea ndi pamene amayaka kwambiri. Mukasakaniza bwino, palibe mwezi umene munda umakhala wopanda duwa. Ndiye inu amene mukuona ngati anzanu onse achita maluwa inu mukadali masamba okhaokha, musadzizule. Mwina ndinu wa m'chilimwe. Amen.

Tsopano tiwerengere limodzi. Chaka choyamba tinatsegula mabedi 6. Chaka chachiwiri anafika 15. Chaka chachitatu malo onse anali atadzaza, kupatula kachigawo ka mbatata ndi masamba kamene amayi anakana kuti ndikakhudze. Zimene tinagula pa zaka zitatu zimenezi ndi khasu limodzi, mipini iwiri, chikwakwa, keni yothirira ndi timapaketi titatu ta njere. Wilibala tinkabwereka. Zonse pamodzi sizinafike mtengo wa thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50. Ulendo woyamba uja ndinawononga zochuluka kuposa pamenepa m'masiku atatu, n'kukolola tchire. Chimene munda unatidya kwenikweni ndi ola limodzi m'mawa uliwonse, kupatula Lamulungu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ndikudziwa pali bambo wina akumvera akuti, "Abusa, maluwa sadyedwa. Ife tikufuna chimanga." Zoona bambo, ndipo sindikunena kuti muzule chimanga mubzale zinnia. Ngati malo anu ndi ongokwana chakudya, limani chakudya, maluwa muike m'mphepete. Koma ndikuuzeni zimene ndaona. Chichokereni tchire lija, njoka sitinaionenso pakhomo. Anthu anasiya kutaya zinyalala, poti munthu amachita manyazi kuponya thewera pakati pa maluwa. Njuchi ndi agulugufe zinabwera, ndipo njuchi zomwezo ndi zimene zimathandiza maungu kuti abereke. Maluwa a kuguwa Lamulungu sitigulanso. Achinyamata awiri a mumpingo anaphunzira kumeretsa nthambi pa nazale yathu, lero amagulitsa mbande zawo ndipo sopo sapempha. Sindikukulonjezani kuti mulemera ndi maluwa, ndingakhale ndikunama. Koma malata a khitchini aja tinagula ndi ndalama ya mbande, ndipo chete uja anatha m'nyumba. Ambuye Yesu mwini, pa Mateyu 6, pofuna kuchiza nkhawa za ophunzira ake anawalozera maluwa a kuthengo. Ngati Iye anaona kuti duwa lili ndi chotiphunzitsa, ine ndine yani kuti ndilinyoze?

Chaka chatha agogo aja anatisiya. Banja lawo ndi losauka, ndalama yogulira nkhata panalibe. M'mawa wa tsiku loika maliro amayi a mumpingo ndi a m'dera anabwera kuseri kwathu ndi mabeseni. Anathyola canna, bougainvillea, marigold ndi rozi, anakhala pansi pa mango paja n'kuluka nkhata. Mwana aliyense ndi mdzukulu aliyense anaika nkhata yake pamanda, mpaka mdzukulu uja anatsala pang'ono kuponda njoka. Ine nditaima pamenepo ndinaona canna wofiira pamwamba pa mtumbira, ndinakumbuka beseni lija. Ndinalephera kumaliza pemphero. Mayi amene anandidzudzula ndi amene anandipatsa mbewu yoyamba, ndipo mbewu yomweyo inawaperekeza.

Okondedwa, nthawi yathu yatha, koma ndisakusiyeni chonchi. Wina muli ndi malo enieni kuseri kwa nyumba, kapena puloti imene mukudikira ndalama yomangira, ndipo tchire lafika pawindo. Mawa m'mawa musalembe aganyu, musayatse moto, musakongole ndalama. Tengani chingwe, yezani bedi limodzi pafupi ndi khomo, kumbani, tolani mizu. Lamulungu likudzali pemphani kanthambi kamodzi kwa mnzanu wa kutchalitchi. Basi. Wina tchire lanu si la udzu. Ndi ngongole zimene mwasiya kuziwerenga, ndi banja limene simunakhale pansi kukambirana zaka zinayi, ndi Baibulo limene lachita fumbi. Mukuliyang'ana lonse nthawi imodzi, mukugwa ulesi, n'kumati ndikudikira nthawi yabwino. Lamulo ndi lomwe lija. Yambani ndi bedi limodzi, zulani ndi mizu yomwe, ndipo musatsegule lachiwiri loyamba lisanasamalidwe.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaika munthu woyamba m'munda kuti aulime ndi kuusamala, tikhululukireni pamene tasiya zimene munatipatsa kuti zimere minga. Patsani mphamvu manja amene afooka. Patsani kudekha mtima umene ukufuna zonse tsiku limodzi. Dalitsani khasu la womvera aliyense, dalitsani kanthambi kakang'ono kamene akazike sabata ino. Tumizani mvula pa nthawi yake. Ndipo tipatseni makutu omva chidzudzulo, ngakhale chichokere kwa munthu amene sitinamuyembekezere. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, ndipo amene mukumbe bedi lanu loyamba, mundilembere mundiuze mmene zayendera. Tsalani ndi mtendere.